Kudya mtima uli m'malo: zoti muyese kwa masabata awiri

Funsani munthu aliyense pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower ku Lusaka madzulo kuti masana wadya chiyani, akuyankhani msanga: nsima ya nkhuku, chipisi, mabanzi awiri ndi maheu. Mufunseninso ngati mchere unakwana m'ndiwozo, kapena kuti anakhuta pa mtanda wachingati. Apa ambiri timangoseka. Chakudya chinalowa ndithu, koma mwini wake panalibe. Anali pa foni, anali pa ngongole ya lendi, diso lili pakhomo la shopu kuti kasitomala asapitirire.

Ine ndinakhala choncho zaka zambiri. Ndimagulitsa nsalu m'shopu ina ku Kamwala, kunyumba ndi ku Mtendere. M'mawa ndinkatuluka ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, basi. Ikamakwana 1 koloko manja ankachita kunjenjemera, ndiye ndinkagwetsa mitanda itatu ya nsima ndili chiimire. Pofika 3 koloko zikope zinkalemera ngati wina wamangirirapo miyala. Madzulo ndikatsika basi, mwana akangofunsa za homuweki, ndinkamulalatira ngati waba. Ndinkati ndi ukalamba, kapena ndi Lusaka amene watiumitsa mitima. Tsiku lina ku kiliniki namwino atandipima anati, "Amai, BP yanu yakwera. Mumadya bwanji?" Ndinayamba kutchula nsima, nkhuku, repu. Iye anati, "Zimenezo ndamva. Koma mumadya nthawi yanji, muli pati, mukuchita chiyani?" Ndinasowa chonena.

Zimene ndalemba pansipa ndi zomwe ndinachita kuchokera pamenepo. Sizifuna ndalama zoonjezera, sizifunanso kusiya nsima.

Masiku anayi oyamba: musasinthe kanthu, ingolembani

Tengani kabuku kakang'ono, kaya kotsala kwa mwana wa sukulu. Nthawi iliyonse mukaika kanthu m'kamwa, ngakhale chitumbuwa chimodzi cha pa kantemba, lembani nthawi, chimene mwadya, ndi mmene njala inalili musanadye. Pakapita maola awiri bwererani pa tsamba lomwelo mulembe mmene mukumvera: tulo, mutu, chilungulira, kupsa mtima, kupepukidwa, kapena palibe chilichonse. Mawu awiri atatu akwana.

Chiyeso chachikulu apa ndi kufuna kudzikometsera. Munthu ukadziwa kuti ulemba, umayamba kudya ngati uli kwa apongozi. Pewani zimenezo. Kabukuko sikapita kwa abusa kapena kwa adokotala, n'kanu, ndipo kakanama simupindula nako.

Pa tsiku lachinayi werengani zonse kamodzi. Ine ndinaona chinthu chimene chinandichititsa manyazi: tsiku lililonse limene ndinakalipira ana, ndinali nditatha maola asanu ndi awiri kapena kuposa osadya kanthu kolimba, kenako n'kudya zambiri nthawi imodzi. Tsiku limene mnzanga wa pashopu anandigawira kandolo ndi nshawa cha m'ma 10, ndinafika kunyumba ndili munthu.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nsima, buledi, mpunga, kandolo, zonsezi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga wa m'magazi, amene ndi mafuta oyendetsa ubongo ndi minofu. Shuga akakwera, kapamba amatulutsa insulini kuti amulowetse m'maselo. Chakudya choyera mbee, chochotsedwa gaga, monga ufa wa bulekifasi, mabanzi ndi tiyi wotsekemera, chimagayika mofulumira, ndiye shuga amakwera msanga n'kutsikanso msanga. Potsika paja ndi pamene ena amamva kufooka, njala yadzidzidzi ndi mtima wapachala. Tulo ta masana tili ndi chifukwa chinanso: thupi mwachibadwa limafooka pang'ono dzuwa likapendeka. Koma mukaunjikapo mitanda itatu, tulo tomwe tikanangodutsa timakugwetsani pa kauntala.

Pa madzi osamba m'manja

Tsiku lachisanu yambani apa. Ife tili ndi mwayi umene odya ndi foloko alibe: tisanagwire nsima timasamba m'manja. Chichokereni kolera wa 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka chipatala, ambiri tinaphunzira kusamba ndi sopo pa madzi othira, osati kuviika manja tonse m'beseni limodzi. Nthawi imeneyo, madzi akuyenderera m'zala, ndiyo yodzifunsa funso limodzi: njala imene ndili nayoyi ili pati?

Ilipo njala ya m'mimba. Imabwera pang'onopang'ono, mimba imalira, ndipo chilichonse chimene chapezeka mungadye, ngakhale chimbala cha dzulo. Imeneyi imadza ndi homoni (timadzi tonyamula uthenga m'thupi) yotchedwa ghrelin, imene mimba imatulutsa ikakhala yopanda kanthu. Idyetseni, musaichedwetse.

Ilipo njala ya m'kamwa, imene makolo anaitcha nkhuli. Imeneyi imasankha. Simufuna nsima ya nyemba, mufuna michopo imene fungo lake lakupezani podutsa pa bala, kapena soseji ya pa mbaula ya pasiteshoni. Nkhuli si tchimo. Kungoti muidziwe dzina, kuti mukagula mugule kachidutswa kolawa, osati kudya ngati mwagona ndi njala.

Ndiye pali njala ya mumtima, imene imavuta kwambiri chifukwa imavala malaya a inzake. Mwayambana ndi amuna anu, bwana wakunyozani pamaso pa anthu, fizi ya mwana sinakwane, ndipo mwadzidzidzi mukufuna chotsekemera kapena chokazinga. Nkhawa ikakhalitsa, homoni ya cortisol imakhala yokwera, ndipo anthu ambiri amakokeredwa ku zamafuta ndi zashuga. Kusagona mokwanira nakonso kumakweza njala tsiku lotsatira, n'chifukwa chake alonda ndi anamwino ogwira usiku amavutika nazo kwambiri. Chizindikiro cha njala ya mumtima n'chakuti mukadya siitha, m'malo mwake mumadzimvera chisoni. Mukaizindikira, dikirani mphindi khumi. Imwani madzi, tulukani panja, imbirani foni mchemwali wanu. Ikapitirirabe idyani, koma mudye mutakhala pansi, mukudziwa chimene mukudyera.

Ludzu nalo limanamiza, makamaka mu Okutobala Lusaka akamawotcha. Mutu ukamawawa ndipo mkodzo uli wachikasu kwambiri, yambani ndi kapu ya madzi.

Khalani pansi, foni ikhale kutali

Apa palibe zambiri zofotokoza, kuchita kwake ndiye kovuta. Foni ilowe m'chikwama kapena igone chafufumimba patali ndi dzanja. TV izime. Ngati pantchito palibe tebulo, mpando kapena kreti ikwana, bola musadye mukuyenda kapena muli chiimire. Munthu wodya maso ali pa zina amadya zochuluka, ndipo sachedwa kumvanso njala, chifukwa ubongo sunasunge bwino kuti chakudya chadutsa.

Kwathu anatiphunzitsa zimenezi ndi kuzima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba. TV ili zii, mafoni atatha moto, tinkadya titazungulira kandulo. Ndi pamene ndinadziwa kuti mwana wanga wamng'ono sakonda impwa ndipo wakhala akuzibisa pansi pa nsima kwa chaka chathunthu.

Musayese kuchita izi pa chakudya chilichonse. Sankhani chimodzi patsiku. Kwa ambiri chamadzulo ndicho chotheka.

Dzanja ndi mbamu

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu akamakamba za kudya moganizira amaitenga ngati nzeru yochokera kunja, ya anthu a ku Kabulonga odya masamba osaphika. N'zoona kuti amene anaitchukitsa m'zipatala ndi Jon Kabat-Zinn, amene mu 1979 anayambitsa maphunziro ochepetsa nkhawa pa yunivesite ya Massachusetts ku America. Phunziro lake lodziwika n'lopatsa munthu kamphesa kouma kamodzi kuti akayang'ane, akanunkhize, akatafune pang'onopang'ono. Koma taonani mmene ambuya anu amadyera nsima kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza. Amatema pang'ono, amaumba m'dzanja mosafulumira, amaboola pakati ndi chala chachikulu, amasunsa, amatapa ndiwo, kenako m'kamwa. Dzanja lamva kutentha, lamva ngati nsima yapsa kapena ndi yamadzi, pakamwa pasanalawe n'komwe. Mabuleki tinali nawo kale. Tinangowachotsa titabwera m'tauni.

Kuti muwabwezeretse, yambani ndi nshawa imodzi yokazinga, muli nokha kuti asakusekeni. Iyang'aneni, ifikiseni khungu lichoke, inunkhizeni. Iikeni pa lilime osaluma. Kenako tafunani mpaka isanduke phala, muone mmene kukoma kukusinthira, kuchoka ku mchere kufika ku mafuta ake. Zitenga mphindi imodzi. Zioneka zachibwana, koma mudzadabwa kuti mwadya nshawa zaka zonsezi osaidziwa kukoma.

Pa nsima chitani motere. Temani mbamu yocheperako kuposa imene munazolowera. Musateme ina musanameze yoyamba, dzanja lipume m'mphepete mwa mbale. Ndipo tafunani. Ndikudziwa kuti ambiri nsima sititafuna, makamaka ya delele, imangotsetsereka. Amuna ena amaona ngati kutafuna nsima n'kwa ana. Koma kugaya chakudya kumayambira m'kamwa: m'malovu muli mphamvu yoswa ufa kuusandutsa shuga, ndipo mukatafuna nsima yopanda ndiwo kwa kanthawi mudzamva ikuyamba kutsekemera. Kuwerenga kuti ndatafuna kangati ine ndinakulephera, kumachotsa chilakolako. Ndimangoonetsetsa kuti ndiwo zasalala ndisanameze.

Chofunikira kwambiri pa kuchedwaku ndi nthawi. Uthenga wakuti mwakhuta suchokera pa lilime. Umachokera ku mimba ikatambasuka ndi ku matumbo chakudya chikayamba kufikako, ndipo kuti umveke bwino ku ubongo pamapita mphindi pafupifupi makumi awiri. Amene wamaliza mbale m'mphindi zisanu ndi ziwiri wathamanga kuposa mthenga. Akamadzamva kuti wakhuta, ndiye kuti wadzimbidwa kale, lamba akumasula. Kuthamanga si kufika, ngakhale pa mbale.

Ngati nthawi ya nkhomaliro kuntchito ndi yochepa, dyani zochepa mosathamanga, zotsalazo mudye cha m'ma 4. Zimaposa kumeza zonse ngati mukuthawa moto.

Imani pakati

Mukafika theka la mbale, imani. Imwani madzi pang'ono, chezani, mverani mimba. Funso ndi lakuti: njala ija yatha? Osati: kodi malo atsala? Malo amakhalapo nthawi zonse, mimba imatambasuka. Anthu a ku Okinawa ku Japan ali ndi chizolowezi chosiya kudya mimba ikadzaza magawo asanu ndi atatu mwa khumi. Ife tinganene kuti siyani pamene mungathe kunyamuka n'kuyenda kukafika pa siteshoni osapuma wefuwefu.

Vuto lathu n'lakuti tinaleredwa kuti chakudya sachisiya. Ambiri tinakula tikumva kuti ena agona ndi njala, ndipo si bodza. Ndiye njira si kutaya, koma kupakula zochepa poyamba. Amene mumadya mitanda itatu, pakulani iwiri, wachitatu ukhale m'mbale yovundikira. Mukaufunadi pakatha mphindi makumi awiri, tengani popanda kudziimba mlandu. Masiku ambiri mudzapeza kuti wasanduka chimbala cha m'mawa. Panyumba pamene mumadyera mbale imodzi, ndipo wochedwa amapeza ndiwo zatha, gawiranitu ndiwo m'timbale, makamaka za ana. Mpikisano ukachoka, liwiro limatsika lokha.

Kwa eni ake n'kovutirapo. Mukapita kwa azakhali ku Matero n'kusiya nsima, mudzamva kuti, "Mwana wanga, wadwala? Kapena ndiwo zathu sizikukoma?" Ine ndimayamba ndi kuyamikira ndiwo mwa dzina lake, ndipo ndimanena poyambirira kuti, "Azakhali, mundipakulire umodzi, ndikafuna ndipempha." Kunena mbale isanadzaze sikupweteka mtima ngati kubweza yodzaza.

Sabata yachiwiri: tembenuzani mbale

Mukazolowera kumvera thupi, mudzayamba kuona nokha kuti zakudya sizikusiyani mofanana. Apa ndi pamene mungayambe kusintha zimene zili m'mbale, chimodzichimodzi.

Mbale yathu ya masiku onse ndi phiri la nsima ndi kandiwo kongosunsira. Itembenuzeni: ndiwo zamasamba zichuluke mpaka kufika theka la mbale, nsima ichepe, ndipo pakhale china chomanga thupi. Malangizo a kadyedwe amene dziko la Zambia linatulutsa mu 2021 amagawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo chimene chinandisangalatsa n'chakuti tizilombo todyedwa anatiika pamodzi ndi nsomba ndi nyama. Vinkubala ndi inswa si ndiwo za osauka, n'zomanga thupi zenizeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu adye magalamu 400 a zipatso ndi masamba patsiku. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2017 anapeza kuti m'Zambia anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse safika pamenepo. Izi n'zodabwitsa mukayenda mu msika wa Soweto m'mawa n'kuona milu ya chibwabwa, bondwe, kalembula, katapa ndi repu, zotsika mtengo kuposa nyama kutalitali.

Ufa nawo muuganizire. Bulekifasi ndi woyera ndipo nsima yake ndi yosalala, koma gaga ndi kamtima ka chimanga zambiri zachotsedwa. Rola wasungako zina, mgaiwa wa kuchigayo wasunga pafupifupi zonse. Gaga ameneyo amachedwetsa kugayika, ndiye mumakhala wokhuta nthawi yaitali, komanso amathandiza kuchimbudzi. Pali manyazi ena opanda pake, akuti kugula rola ndiye kuti zinthu zavuta panyumba. Ine ndinayamba ndi kusakaniza theka ndi theka, ana sanadziwe mpaka mwezi unatha.

Tsono chakudya chimafika bwanji ku mtima wa munthu, kupatula shuga uja? Njira imodzi ndi magazi. Thupi likasowa ayironi, magazi amachepa mphamvu yonyamula mpweya, munthu amatopa msanga, amachita chizungulire, maganizo sakhazikika, ndipo amakwiya ndi zazing'ono. Zimagwira kwambiri amai oyembekezera ndi atsikana amene ayamba kusamba. Chiwindi, nyama, kapenta, nyemba ndi masamba obiriwira zimathandiza. Vitamini C wa mu tomato, mandimu, magwafa kapena malambe amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, pamene tiyi amatsekereza. Choncho tiyi amwedwe patapita ola limodzi kapena awiri mutadya, osati kutsitsira nsima.

Njira ina ndi matumbo. M'menemo muli tizilombo tabwino tosawerengeka timene timadya zimene ife sitingagaye, monga makoko a nyemba ndi ulusi wa m'masamba. Matumbo ndi ubongo zimalankhulana kudzera m'mitsempha ndi m'magazi, n'chifukwa chake mantha amatsegula m'mimba, ndipo kudzimbidwa kumaipitsa tsiku. Serotonin, imene anthu amaitchula pa nkhani ya chisangalalo, yochuluka zedi, pafupifupi magawo 9 mwa 10, imapangidwa m'matumbo, ngakhale kuti imeneyo imagwira ntchito yake komweko, siipita ku ubongo. Ku Australia, kafukufuku wotchedwa SMILES, amene anatuluka mu 2017 motsogozedwa ndi Felice Jacka, anatenga anthu 67 odwala matenda a kukhumudwa. Ena anathandizidwa kusintha kadyedwe kwa masabata 12, ena ankangochezeredwa. Mwa osintha kadyedwe, pafupifupi mmodzi mwa atatu anapeza bwino, pamene mwa enawo sanafike ndi mmodzi mwa khumi yemwe. Anthuwo anali ochepa, ndipo ambiri ankapitiriza mankhwala kapena uphungu wawo, choncho musamve ngati nyemba za kabulangeti zalowa m'malo mwa dokotala.

Ndipo ife odya chimanga tili ndi umboni wathu wakale. Munthu wodalira nsima yokha kwa nthawi yaitali, wopanda nshawa, nyemba, nsomba kapena nyama, amatha kudwala pellagra, matenda osowa vitamini wotchedwa niacin: khungu limada n'kusupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa, amatsegula m'mimba, ndipo mutu umasokonezeka. Nshawa zili ndi niacin wambiri. Amai amene amatendera chibwabwa ndi nsinjiro amachita zanzeru kuposa mmene amadziwira. Kungoti nshawa zachuku, zofota kapena zowawa muzitaya, chifukwa chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi.

Pophika, zinthu zitatu muchepetse dzanja. Soda wa mu delele ndi m'masamba amafewetsa, koma amawononga mavitamini ena, ndiye katsineni pang'ono chabe, ndipo masamba asaphikidwe mpaka kuda. Saladi, mafuta ophikira aja, ayezedwe ndi supuni, osati kupendeketsa botolo mpaka repu asambire. Ndiye mchere. WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza umene uli kale mu buledi, soseji, timakyubu tokometsera ndiwo ndi kapenta wouma. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti timadya pafupifupi kawiri kuposa pamenepo, ndipo munthu wamkulu mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera. Kapenta muzimuviika m'madzi ofunda n'kutsanula musanakazinge. Chotsani mchere patebulo, kuti amene akuufuna achite kunyamuka. Masiku oyamba ndiwo zidzamveka zozizira, amuna anga anadandaula sabata yathunthu, koma lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo kukoma kwa bondwe weniweni kumayamba kumveka. Munthu amene akutafuna mosathamanga safunanso mchere wambiri ngati womeza.

M'mawa ndi zakumwa

Ngati kabuku kanu kakuonetsa zomwe kanga kanaonetsa, konzani m'mawa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kandolo wophika usiku, dzira, nthochi ndi nshawa, chimbala chotenthetsa bwino ndi ndiwo zotsala. Amene mumanyamuka 5 koloko kuthawa mzere wa magalimoto pa Great East Road, nyamulani m'kabokosi mukadye mukafika.

Shuga wa mu tiyi mutsitse theka la supuni sabata iliyonse. Kudula kamodzi kumalephereka. WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, amene ndi masupuni a tiyi 12, ndipo kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemera limatha lokha masupuni khumi kapena kuposa. Maheu a m'mabotolo nawo werengani pa chikalata chake, ambiri ndi othira shuga. Munkoyo kapena thobwa lopanga nokha mumadziwa chimene mwathiramo. Ena amati shuga wa m'Zambia ali ndi vitamini A, ndipo n'zoona, akhala akuthiramo kuyambira 1998, koma vitamini yemweyo ali mu kandolo wofiira mkati, maungu, mango, mapapaya ndi chimanga cha olenji.

Khofi, tiyi wakuda kwambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene madalaivala ndi ana a sukulu amakonda zili ndi caffeine, chinthu chothamangitsa tulo. Theka lake limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi asanu. Chimene mwamwa 4 koloko madzulo kuti muthamangitse tulo ta nsima chija chimakupezani pa bedi, m'mawa mumadzuka wotopa ndi wanjala ya zotsekemera, n'kuyambiranso. Kwa amene ali ndi nkhawa kale, caffeine amaonjezera kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo kukhumudwa kwa tsiku la matsire si kwa chikwama chokha. Lembani zimenezinso m'kabuku, muone nokha.

Mwezi ukafika pakati, ndi ena ofunika kusamala

Wina anena kuti zonsezi n'za anthu okhuta, ife ogula pamela, timapaketi ting'onoting'ono ta ufa, timadya kamodzi patsiku. Sindikutsutsa, njala yeniyeni siithetsedwa ndi kutafuna. Koma pamene chakudya chachepa m'pamene kugawa bwino kumafunika kwambiri. Ufa womwewo, kaphala m'mawa ndi nsima madzulo, umayendetsa thupi bwino kuposa kuunjika zonse usiku. Ndalama ya botolo la chakumwa imagula mulu wa masamba ndi kapaketi ka nshawa. Soya, nyemba za Solwezi kapena za Lundazi, mazira, mapazi a nkhuku, zonsezi n'zomanga thupi. Nyengo ya mango ndi masuku, kuyambira cha mu Novembala, zipatso zimatsika mtengo mpaka kuwolera pansi. Ndipo malipiro akalowa, samalani ndi kubwezera, kuja kodya nyama ndi chipisi masiku atatu otsatizana ngati mukulipsira mwezi wonse. Pa kitchen party kapena pa ukwati yendani kaye muone zonse zimene zaikidwa musanatenge mbale, musankhe zitatu zimene mukuzifunadi.

Amene muli ndi matenda a shuga ndipo mumamwa mapilisi kapena kubaya insulini, musachepetse nsima kapena kudumpha chakudya musanakambirane ndi a kuchipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika koopsa. Chimodzimodzi amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, amai oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi aliyense amene akuonda osadziwa chifukwa: kudya mosathamanga n'kwabwino, koma kuchepetsa si kwanu. Ana musawawerengere mbamu. Apatseni zakudya zosiyanasiyana, ndipo mwana akati wakhuta musamukakamize ndi chikwapu kuti amalize, chifukwa mukumuphunzitsa kusamvera mimba yake. Ngati kulemba m'kabuku kwayamba kukupatsani mantha ndi chakudya, kapena mumadzisanzitsa mukadya, siyani kabukuko mukaonane ndi a zaumoyo. Ndipo ngati mtima wakhala wolemera masabata awiri kapena kuposa, tulo tasowa, zimene munkakonda sizikukomaninso, yambirani pa kiliniki ya kwanuko. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kwa aphungu kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama.

Masabata awiri akatha, tsegulani kabuku muyerekeze masiku anayi oyamba ndi anayi omaliza. Musayang'ane sikelo, siisuntha msanga choncho. Yang'anani 3 koloko masana ngati zikope zikulemerabe, yang'anani chilungulira cha usiku, yang'anani mawu amene munalankhula mutangolowa pakhomo. Sankhani ziwiri zimene zakuthandizani kwambiri mupitirize nazo, zinazo mudzazitola m'tsogolo. Ine zanga zinali kandolo wa 10 koloko ndi mtanda wachitatu wotsala m'mbale yovundikira. Mankhwala a BP ndikumwabe monga anandiuzira, ndipo foni pa chakudya chamasana imandigonjetsabe masiku ena, makamaka oda ya zitenje ikamabwera pa WhatsApp nsima ili m'dzanja.